Sitima ya anthu imadalira nthambo

Agogo anga aamuna anapita ku Joni kawiri pa Wenela, ndipo mpaka lero mukawaputa kuti asimbe za maulendowo sayambira ku mgodi ayi, amayambira pa sitima. Ndege inkakawatula ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo kuchoka apo inkawanyamula ndi sitima ya malasha mpaka ku Johannesburg. Amati mipando inali ya matabwa, utsi unkalowera pawindo, ndipo munthu potsika unkalavula zakuda ngati wagona m'khitchini mosonkhedwa nkhuni zaziwisi. "Iwe mdzukulu," amatero akakomedwa nayo nkhani, "ife sitima ija sitinkakwera, ankachita kutilongedzamo."

Sanali okha. M'chaka cha 1973 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Ulendo wa Wenela unadukiza pa 4 April 1974 pamene ndege yobweza anthu kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown n'kupha Amalawi 74, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Woimba Hugh Masekela anaipekera nyimbo sitima yonyamula anthu a kumigodi ija, dzina lake Stimela, ndipo Malawi ndi limodzi mwa maiko amene amawatchulamo. Tsono ine ndinakula ndikudziwa kuti sitima ya ku Joni ndi chinthu chakuda, cha utsi, chotenga amuna a eni n'kukawataya kutali.

M'chaka cha 2024 ndinakacheza kwa achimwene anga amene amakhala ku Mamelodi, kum'mawa kwa mzinda wa Pretoria, ndipo amagwira ntchito ya zomangamanga m'tauni. M'mawa wina anandidzutsa kukadali mdima kuti ndiwaperekeze. Titaima pa siteshoni ya Denneboom ndinatchera khutu kudikira phokoso, koma chimene chinatulukira ndi chinjoka cha buluu ndi choyera, chongoti see, popanda utsi ngakhale fungo la dizilo. Zitseko zinatseguka zokha, tinalowa, zinatsekanso zokha. M'katimo munali kuwala ngati m'chipatala, kamphepo kayaziyazi kakutsika kudenga, ndipo ukaima ku bogi loyamba umatha kuona mpaka kutali kumbuyo poti pakati pa mabogi palibe chitseko.

"Achimwene, imeneyi ndi sitima ya mabwana kapena?" ndinafunsa.

Iwo anaseka. "Ya mabwana ili kwina, aphwanga. Iyi ndi ya ife a maovolosi. Eni ake amati Isitimela Sabantu."

Dzinali ndi la Chizulu ndipo likutanthauza sitima ya anthu. Liwu lawo lakuti isitimela ndi lathu lakuti sitima n'zapachibale, onse anachokera ku liwu la Chingerezi lotchulira chombo choyendera nthunzi. Nthunzi inatha kalekale koma dzina linakanirira. Chimene chinandigwira mtima ndi mbali yachiwiri ija, yakuti ya anthu. Ngati iyi ndiyo ya anthu, nanga zakale zija zinali za yani? Funso limeneli ndilo linandichititsa kufukula mbiri imene ndikukupatsirani pano.

Sitima za magetsi si zachilendo ku South Africa. Ku Cape Town zinayamba kunyamula anthu kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo dera la Johannesburg linatsatira m'zaka za m'ma 1930. Koma kukula kwenikweni kwa njanji za m'mizinda kunadza ndi ulamuliro wa tsankho. Lamulo la Group Areas Act la 1950 linagawa malo okhala potsata khungu. Anthu akuda anasamutsidwa pafupi ndi matauni n'kukatayidwa kunja, monga anachitira ndi a ku Sophiatown kuyambira 1955. Mamelodi yemweyu anakhazikitsidwa mu 1953 pa famu yotchedwa Vlakfontein, makilomita pafupifupi 20 kuchoka pakati pa Pretoria. Komatu mzungu amene sankafuna kugona moyandikana ndi munthu wakuda ankamufunabe munthuyo m'mawa kuti adzamuphikire tiyi, adzamusesere ofesi ndi kumuyendetsera makina. Yankho lake linali sitima: iwatute m'bandakucha, iwabweze dzuwa likalowa.

Ntchito imeneyi inagwiridwa ndi sitima za mtundu wa 5M2 ndi 5M2A, zimene zinayamba kubwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kuchokera ku kampani ya Metro-Cammell ya ku Britain, kenaka n'kumapangidwa konko ndi Union Carriage and Wagon m'tauni ya Nigel. Aliyense amene anafikako ku Joni akuzidziwa, zija za chikasu ndi zotuwa zolembedwa Metrorail. M'masiku a tsankho mabogi ake anali olekanitsa, azungu kwaokha, akuda kwaokha, ndipo mabogi a akuda ankadzaza mpaka anthu kulendewera pazitseko. Anyamata ena ankachita kukwera padenga, pafupi ndi nthambo ya magetsi, ndipo ambiri anafera masewera amenewo.

Pajatu munthu ndi munthu, ngakhale umupanikize bwanji amapeza popumira. Anthu anasandutsa mabogiwo kukhala matchalitchi, ena misika, ena mabwalo a ndale. Wojambula zithunzi Santu Mofokeng anajambula mapemphero a m'sitima ya ku Soweto mu 1986, ndipo zithunzizo, zotchedwa Train Church, zinatchuka dziko lonse lapansi. Koma sitima zomwezo zinasandukanso mophera anthu pamene tsankho linkaphupha kuti life. Pa 13 September 1990 zigawenga zinalowa m'sitima ya ku Soweto itangodutsa siteshoni ya Jeppe n'kupha anthu 26 ndi mfuti ndi zikwanje. Bungwe la Truth and Reconciliation Commission, limene ankatsogolera Archbishop Desmond Tutu, linapeza kuti anthu oposa 500 anaphedwa pa ziwawa za m'sitima pakati pa 1990 ndi 1993. Ichi ndicho cholowa chimene boma la Nelson Mandela linalandira mu 1994: njanji zomangidwa kuti zitute antchito, ndi mabogi amene anthu ankalowamo mtima uli m'mwamba.

Ufulu unabwera koma sitima zinali zomwe zija, zikungokalambirakalambira. Mu June 2010, mpikisano wa mpira wa World Cup uli pafupi kuyamba, kunatsegulidwa Gautrain, sitima ya magetsi yothamanga makilomita 160 pa ola, yoyenda pa njanji yakeyake yotakata. Iyi ndi imene achimwene ankati ya mabwana, chifukwa mtengo wake wa tikiti si wa munthu wa maganyu. Khwimbi la anthu a ku Soweto, Mamelodi, Khayelitsha ndi Umlazi linatsalabe ndi mabogi a m'nthawi ya agogo.

Bungwe la boma loyendetsa sitima za anthu, la PRASA, linakhazikitsidwa mu 2009, ndipo mu October 2013 linasainirana mgwirizano wa R51 biliyoni ndi kampani ya Gibela, imene mwini wake wamkulu ndi Alstom ya ku France. Anapangana kuti papangidwe sitima 600, za mabogi 6 iliyonse, kutanthauza mabogi 3,600. Mtundu wa sitimayo ndi X'Trapolis Mega. Thupi lake ndi la chitsulo chosachita dzimbiri, imanyamula anthu pafupifupi 1,200 ndipo imatha kuthamanga makilomita 120 pa ola. Ili ndi makamera, makina oziziritsa mpweya ndi malo a anzathu oyenda pa njinga za olumala. Ikamaima mamota ake amasanduka opanga magetsi n'kumabweza mphamvu ku nthambo. Koma kwa ine chachikulu pa zonse ndi chitseko: sitimayi sinyamuka chitseko chili chotsegula. Amene anaikonza anawerengera kuti wokwerayo ali ndi ana omudikira kunyumba. Pa zaka zonse za 5M2A zija, kugwa kwa munthu pachitseko kunali ngati kutayika kwa chimanga pang'ono pa ngolo.

Mfundo ina ya mgwirizanowo inali yakuti sitima 20 zokha zoyamba ndizo zipangidwe kunja, ku fakitale ya Alstom ya ku Lapa mumzinda wa São Paulo ku Brazil, ndipo 580 zotsalazo zipangidwe ndi manja a anthu a ku South Africa. Yoyamba inafika pa chombo kumapeto kwa 2015 n'kupita ku depoti ya Wolmerton, kumpoto kwa Pretoria, komwe inayesedwa kwa nthawi yoposa chaka. Pa 9 May 2017 Pulezidenti Jacob Zuma anaikhazikitsa pa mwambo ku Pretoria, ndipo njira yake yoyamba inali ya pakati pa Pretoria ndi Pienaarspoort, yomwe ija imadutsa ku Mamelodi, yomwe ndinakwera ine. Pa 25 October 2018 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anatsegula fakitale ya Gibela ku Dunnottar, kufupi ndi Nigel komwe kunkapangidwa sitima zakale zija. Mbiri ikanathera pamenepa bwenzi tikuomba m'manja n'kumwazikana.

Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamene sitima zatsopano zinkasulidwa ku Brazil, nyumba yodzazilandira inali ikudyedwa ndi chiswe. Mu August 2015 Thuli Madonsela, amene anali Public Protector, udindo wofanana ndi wa Ombudsman kwathu kuno, anatulutsa lipoti lotchedwa Derailed lowulula momwe makontirakiti ankaperekedwera mokhotakhota ku PRASA. Chaka chomwecho zinamveka kuti mitu ya sitima ya dizilo yotchedwa Afro 4000, imene bungweli linagula ku Spain kuti izikoka sitima za maulendo ataliatali, inali yaitali msinkhu kuposa muyeso wa njanji za dzikolo. Khoti linathetsa mgwirizano wa R3.5 biliyoni umenewo mu 2017. Ku Cape Town mabogi ankatenthedwa pa siteshoni masanasana. Ndipo mu March 2019, pa nthawi yokopa anthu, a Ramaphosa eni ake anakwera sitima ya Metrorail kuchoka ku Mabopane kupita ku Pretoria, ulendo wosakwana ola limodzi, n'kukhalamo maola oposa atatu. Tsiku limenelo mtsogoleri analawa ndiwo zimene anthu ake ankadya tsiku ndi tsiku.

Apa ndiyenera kufotokoza pang'ono mmene sitima ya magetsi imayendera, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Sitima ya dizilo imasenza chakudya chake pamsana, bola njanji ilipo imapita. Ya magetsi ilibe nkhokwe. Padenga pake pali dzanja lachitsulo limene limakhudza nthambo ya mkuwa yolendewera pamwamba pa njanji, ndipo m'nthambomo mumayenda magetsi a ma volt 3,000. Magetsiwo amachokera ku tinyumba ta matiransifoma tomangidwa m'mbali mwa njanji pakapita makilomita angapo. Palinso nthambo zina zokwiriridwa pansi, zoyatsa nyali zouza woyendetsa kuti kutsogolo kuli bwino kapena aime. Munthu mmodzi wa sowo akadula nthambo mamita ochepa usiku n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo, m'mawa mwake sitima zonse za njira imeneyo zimangoti chilili, yatsopano ndi yakale yomwe. Mkuwa umene wakubayo wapeza nawo ndalama ya mowa wa sabata umaimitsa anthu zikwizikwi.

Izi ndizo zinachitika, ndipo zinachitika mokulira. Kumapeto kwa 2019 PRASA inathetsa makontirakiti a makampani olondera, amene anali atapezeka kuti anaperekedwa mosatsata malamulo, koma olowa m'malo mwawo anali asanakonzeke. Posakhalitsa kunagwa mliri wa Covid-19, ndipo kumapeto kwa March 2020 boma linalamula m'bindikiro. Sitima zinaima, masiteshoni anatsala opanda mlonda. Akuba anabwera ndi masowo, mapiki ndi malole. Anatenga nthambo za m'mwamba, anafukula za pansi, anazula malata, mawindo, zitseko, mipope, njerwa, ngakhale njanji imene. Masiteshoni ena a ku Johannesburg anatsala zipupa zokha ngati mabwinja a nkhondo. Ku Cape Town njira yaikulu ya Central Line, yopita ku Khayelitsha ndi Mitchells Plain, inali itatsekedwa kale kumapeto kwa 2019, ndipo anthu osowa pokhala anamanga zisakasa pamwamba penipeni pa njanji ku Langa ndi ku Philippi.

Manambala amanena okha. M'chaka cha boma cha 2008/09 Metrorail inanyamula anthu maulendo oposa 600 miliyoni. M'chaka cha 2021/22 maulendowo sanakwane 20 miliyoni. Nthawi yonseyi fakitale ya ku Dunnottar inali ikutulutsabe sitima, ndipo ya nambala 100 inatuluka mu 2022. Zambiri zinkangokaimikidwa m'madepoti, zonyezimira, zosowa poyenda, ngati mkwatibwi wovala kale velo pamene tchalitchi chagumulidwa.

Kwa achimwene zimenezi sizinali nkhani za m'nyuzi. Tili m'sitima muja anandikumbutsa za miyezi ija ndalama yotumiza kumudzi inachepa, mayi n'kuyamba kudandaula kuti mwana wawo watchona, mwina wapeza banja lina. Ine ndemwe ndinawalembera uthenga wowadzudzula nthawi imeneyo, ndipo sanandiyankhe.

"Ukanadziwa, mphwanga," anatero akuyang'ana pawindo. "Sitima itaima tonse tinathamangira matakisi. Ndalama imene ndinkayendera sabata yathunthu inkathera masiku awiri. Feteleza wa amayi ankadyedwa ndi msewu. Ndikanakuyankha chiyani?"

Ndinasowa chonena. Ndinali nditaweruza mlandu ndisanamve mboni, osadziwa kuti thumba la feteleza la ku Ntcheu lingathe kubedwa ndi munthu wodula nthambo ku Pretoria. Tikamamva kuti njanji ya dziko lina yawonongeka timayesa za eni, koma Amalawi amene ali ku Joni lero ndi ochuluka, ndipo ambiri mwa iwo amagona komwe amagona anthu osauka a dzikolo, kutali ndi ntchito, kumathero kwa njanji.

Ntchito yokonzanso inayamba njira imodziimodzi. Ya ku Mabopane inatsegulidwanso kumayambiriro kwa 2022 ndi sitima za buluu, ya ku Mamelodi inatsatira, kenaka zina za ku Soweto, ku Durban ndi ku Cape Town, komwe anayamba asuntha zisakasa zija kuti njanji ioneke. Anaimika mapolo atsopano, anakoka nthambo, anamanganso tinyumba ta matiransifoma ndi kulemba alonda ambirimbiri. Pofika 2024 njira 31 mwa 40 zinali zikuyenda, ndipo m'chaka cha 2024/25 maulendo a anthu anakwera kufika pafupifupi 77 miliyoni. Poyerekeza ndi 600 miliyoni ija mtunda udakalipo wautali, komabe wodwala amene wayamba kupempha phala sitimulira maliro.

Tsono mukandifunsa kuti Isitimela Sabantu inayamba liti ntchito, mabuku adzakuuzani kuti pa 9 May 2017, ndipo sakunama. Koma ine ndikuti tsiku limenelo anangodula riboni. Ntchito yeniyeni inayamba zaka zisanu pambuyo pake, pamene amisiri opanda maina anakwera mapolo kukabwezera nthambo, ndi pamene mlonda anayamba kugona panja kuti nthamboyo ifike m'mawa. Kugula sitima n'kosavuta, ndi nkhani ya siginecha ndi ngongole, ndipo andale amakukonda poti kumakhala makamera ndi nyimbo. Kusunga nthambo kulibe mwambo, palibe amene amavinira. Boma la tsankho linkasamala njanji zake chifukwa linkafuna antchito afike pa nthawi yake, ngakhale linkawanyamula ngati matumba. Boma la ufulu linagula sitima yolemekeza munthu koma linatsala pang'ono kutaya njira yoti iyendemo. Sitima kuti ikhale ya anthu pamafunika zonse ziwiri, ulemu ndi chisamaliro.

Nkhaniyi ikutikhudzanso m'njira ina. Njanji yathu, imene inafika ku Blantyre mu 1908, ku Salima mu 1935 ndi ku Mchinji mu 1980, ndi yotakata mamilimita 1,067, chimodzimodzi ndi imene imayendapo sitima ya buluu ija. Mawilo ake angakhale bwinobwino pa njanji ya pa Limbe, koma singasunthe ngakhale phazi limodzi poti pamwamba pake palibe nthambo. Tsiku lina wina adzaima pa nsanja n'kutilonjeza sitima ya magetsi, ndipo ife tidzaimba nthungululu. Ndikupempha kuti pakati pa nthungululuzo padzapezeke mmodzi wofunsa kuti magetsi ake adzachokera kuti, adzalondera nthambo ndani, nanga wogula mkuwa wakuba adzamutani. Ife amene timadziwa mmene matiransifoma amabedwera mafuta m'makwalala athu sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa kawiri. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nditabwerera kumudzi ndinawaonetsa agogo chithunzi cha sitimayo pa foni. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akuchiyandikiza ndi kuchitalikitsa, kenaka anafunsa kuti utsi umatulukira pati. Nditawauza kuti ilibe utsi, imadya magetsi a m'nthambo, anapukusa mutu.

"Nanga wakuda amakhala bogi liti?"

"Lililonse, agogo. Limene wafuna."

Anakhala chete, kenaka anandibwezera foni ija n'kunena kuti ndiwauze achimwene asamachedwe kuntchito poti tsopano alibe chonamizira. Uthengawo ndinaupereka, ndipo achimwene anaseka kwambiri. Anati kuchedwa sachedwa, amafika pa Denneboom nthawi yabwino tsiku lililonse. Koma chizolowezi chimodzi cha zaka zovuta zija sichinawachoke: akangoponda pa siteshoni, asanayang'ane wotchi kapena kugula tikiti, amayamba akweza maso kuona ngati nthambo yagona bwino.